Kafukufuku wa autism ndi chibadwa: akupimidwa ndani?

Autism ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limaonekera mwana akadali wamng'ono. Mwana wotere amavutika kucheza ndi anzake, amabwereza zinthu zomwezomwezo, ndipo ena amachedwa kuyankhula kapena sayankhula konse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mwa ana pafupifupi 100 aliwonse, mmodzi ali ndi vutoli. Kafukufuku wa mapasa wasonyeza kuti gwero lake lalikulu ndi chibadwa, osati ufiti kapena kulera molekerera.

Komabe anthu amene chibadwa chawo chapimidwa ndi a mbali imodzi ya dziko. Kafukufuku wamkulu wa mu 2019 anayerekeza DNA ya anthu 18,381 a autism ndi ya anthu 27,969 opanda vutoli. Onsewo anali a mitundu ya ku Ulaya, ambiri a ku Denmark. Ku America, kafukufuku wa SPARK, yemwe anayamba mu 2016, anafuna mabanja 50,000 olembetsa pa intaneti ndi kutumiza malovu awo papositi. Pofika 2021, mwa anthu 100 aliwonse amene analowa m'kafukufuku wamkulu wa chibadwa wa matenda osiyanasiyana, 86 anali a mitundu ya ku Ulaya ndipo a mitundu ya ku Africa sanakwane awiri.

Kusiyana kulinso pa ana omwe madokotala amawazindikira. Anyamata amapezeka ndi autism katatu kapena kanayi kuposa atsikana, choncho ndiwo achuluka m'kafukufuku. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ana ambiri amazindikirika mochedwa, ndipo kawirikawiri amakhala okhawo osayankhula kapena ovutika kwambiri kuphunzira.

Izi n'zodetsa nkhawa chifukwa chibadwa cha anthu a mu Africa n'chosiyanasiyana kuposa cha anthu a kwina kulikonse. Kachizindikiro ka mu DNA kosowa ku Ulaya kangakhale kofala ndi kosavulaza kuno, ndipo dokotala woyerekeza ndi zotsatira za Azungu okha angathe kulakwitsa.

Madera a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa akuonetsa bwino chimene chimasiyitsa ana akumudzi. Mwana salowa m'kafukufuku asanazindikiridwe, koma kuchokera padoko la Kachulu kukafika kuchipatala chachikulu cha Zomba ndi makilomita pafupifupi 30. Malungo a muubongo ndi kunyentchera nazonso zimachedwetsa kakulidwe, motero kusiyanitsa kumafuna katswiri. Mafunso ambiri opimira autism analembedwa m'Chingerezi, pomwe m'derali anthu amayankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chilhomwe. Nyanja ikaphwa, monga mu 1995 ndi 2018, asodzi ambiri amasamuka, ndipo kutsata mwana kwa zaka kumavuta.

Zinthu zayamba kusintha. Kafukufuku wa NeuroDev, yemwe anayamba mu 2018, wapima ana ndi makolo awo ku Kilifi m'dziko la Kenya ndi ku Cape Town ku South Africa. Kuno ku Malawi, mu 2010 akatswiri anatulutsa ndondomeko ya MDAT yopimira kakulidwe ka ana, yomwe anaiyesa pa ana akumudzi. Payokha siitsimikiza autism, koma imathandiza kuona mwana wotsalira. Kwa kholo la ku Kachulu, poyambira ndi kusikelo: kufotokozera mlangizi wa zaumoyo ngati mwana sakucheuka akaitanidwa dzina, sakuloza zinthu kapena sakuyankhula pamsinkhu wa zaka ziwiri.