Njala ya 2002: fodya sadyedwa

Anzanga akunyanja, tamverani mbiri iyi. Mu 2001 mvula inagwa yopyola muyeso, chimanga chinamira m'minda yambiri. Chimanga cha m'nkhokwe za boma nachonso chinagulitsidwa. Pofika January 2002, ku Kasungu konse, mpaka kwa Chisemphere, kunali njala yadzaoneni. Anthu anagulitsa mbuzi ndi njinga pamtengo wolira, ena n'kumadya madeya ndi zitsa za nthochi. Fodya anali mbwee m'minda, koma fodya sadyedwa. Pulezidenti Muluzi analengeza za tsokali mu February, maliro atayamba kale.

Kwathu kuno ambiri anapulumukira kondowole. Ndiyetu chinangwa musamazule chonse n'kugulitsa. Siyaniko mizere ingapo m'nthaka, imeneyo ndi nkhokwe yosadikira boma. Tumizirankoni anzanu.