Kalembedwe ka sayansi ya zamoyo

Kalembedwe ka sayansi ya zamoyo ndi njira imene ophunzira ndi akatswiri a bayoloje amatsata polemba zimene apeza pa kafukufuku. Cholinga chake chachikulu n'chakuti munthu wina amene sanalipo athe kuwerenga, kubwereza ntchitoyo ndi kuona ngati zotsatira zake zili zoona. Ophunzira amayamba luso limeneli kusekondale polemba malipoti a ntchito za mu labotale, ndipo amalipitiriza kuyunivesite.

Mbiri

Magazini oyamba a sayansi anatuluka m'chaka cha 1665. Amenewa ndi *Journal des sçavans* ya ku Paris ndi *Philosophical Transactions* ya ku London. Nkhani zambiri za nthawi imeneyo zinkalembedwa ngati makalata ofotokoza zimene munthu waona. M'kupita kwa nthawi, olemba anayamba kuonetsa njira zimene anatsata pamodzi ndi manambala.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Gregor Mendel wa ku Brno, amene mu 1866 anasindikiza kafukufuku wake wa nsawawa. Iye analemba mmene anakwatitsira mbewuzo komanso kuchuluka kwa mbewu za mtundu uliwonse zimene anapeza. Ntchitoyi sinatchuke iye ali moyo, koma mu 1900 akatswiri ena, monga Hugo de Vries ndi Carl Correns, anapeza zofanana ndipo anatha kuziyerekeza ndi manambala ake.

Magawo a lipoti

Masiku ano malipoti ambiri amatsata dongosolo lotchedwa IMRaD, dzina lochokera ku mawu achingerezi akuti Introduction, Methods, Results ndi Discussion. Magawo ake ndi awa:

- Mawu oyamba amafotokoza funso limene likufufuzidwa, zimene ena anapeza kale, ndi yankho limene wofufuza akuyembekezera.
- Njira zimatchula zipangizo, malo, nthawi ndi miyeso, mwatsatanetsatane moti wina akhoza kuchita chimodzimodzi.
- Zotsatira zimaonetsa zimene zapezeka, kawirikawiri m'matebulo ndi m'magirafu, popanda maganizo a wolemba.
- Kukambirana kumamasulira zotsatirazo, kuziyerekeza ndi za ena ndi kutchula zofooka za kafukufukuyo.

Pamwamba pa lipoti pamakhala mutu ndi chidule cha ndime imodzi. Olemba ambiri amalemba chidulecho pomaliza, magawo ena onse atatha.

Vuto limene ophunzira ambiri amakumana nalo ndi kusakaniza zimene aona ndi zimene akuganiza. Mwachitsanzo, poyeza sitachi m'tsamba ndi ayodini, chiganizo chakuti "tsamba linasanduka la buluu woderapo" ndi chotsatira. Chiganizo chakuti "tsamba linapanga chakudya chifukwa linali padzuwa" ndi kumasulira, ndipo malo ake ndi gawo la kukambirana.

Mayina ndi miyeso

Chamoyo chilichonse chimalembedwa ndi dzina la sayansi la mawu awiri, njira imene Carl Linnaeus anaikhazikitsa m'buku lake la *Species Plantarum* mu 1753. Mawu oyamba amayamba ndi chilembo chachikulu, achiwiri ndi chaching'ono, ndipo onse amalembedwa mopendeketsa, kapena kujambulidwa mzere kunsi ngati alembedwa pamanja. Chimanga ndi *Zea mays*, ndipo mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi *Widdringtonia whytei*.

Mayina amenewa amathetsa chisokonezo. Dzina lakuti chambo limaimira mitundu ingapo ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, monga *Oreochromis karongae*, *Oreochromis lidole* ndi *Oreochromis squamipinnis*. Lipoti longoti "chambo" silisonyeza mtundu umene unafufuzidwa.

Miyeso imalembedwa m'manambala pamodzi ndi mayunitsi ake, monga magalamu, mamilimita kapena madigiri. M'malo molemba kuti "mbewu zambiri zinamera msanga", wolemba amati "mbewu 18 mwa 20 zinamera pa masiku 5".

Kutchula eni mfundo

Mfundo iliyonse yochokera kwa wolemba wina imayenera kutchulidwa gwero lake. M'njira ya Harvard amaika dzina la wolemba ndi chaka, pamene m'njira ya Vancouver amaika nambala. Kukopera zolemba za wina popanda kumutchula kumatengedwa ngati kuba, ndipo mayunivesite amalanga ophunzira ochita zimenezi. Kupeka manambala kapena kubisa zotsatira zosagwirizana ndi zimene munthu amayembekezera ndi mlandu waukulunso, chifukwa kukhoza kusocheretsa madokotala, alimi ndi ofufuza ena.

Kuphunzira lusoli

Ophunzira amakulitsa lusoli powerenga nkhani za m'magazini monga *Nature* kapena *Malawi Medical Journal*, posunga kope lolembamo zonse zochitika mu labotale tsiku lomwelo, ndi popereka zolemba zawo kwa anzawo kuti aziunike. Magazini a sayansi amachitanso chimodzimodzi: nkhani isanasindikizidwe imatumizidwa kwa akatswiri ena a phunzirolo, amene angaivomereze, kuikana kapena kupempha kuti ikonzedwe.