Imani kapena Imitsani? Za mawu a pa linki yochititsa zinthu

Pa intaneti pali mitundu iwiri ya mawu odinidwa, ndipo ife olemba Chichewa timaisakaniza kawirikawiri. Woyamba ndi linki yopititsa munthu kwina: mwadina, tsamba lina latseguka. Wachiwiri sukupititsani kulikonse. Mukadina mumakhalabe pa tsamba lomwelo, koma pamachitika kanthu. Zojambula zimene zinali chiimire zimayamba kuyenda, nyimbo imamveka, chithunzi cha mtima wa munthu chimatembenuka kuti wophunzira aone kuseri kwake, funso lotsatira limatulukira. Pongoyang'ana, malinki awiriwa ndi amodzi, mawu abuluu okhala ndi mzere kunsi. Koma ntchito zawo n'zosiyana, choncho kalembedwe kake kayenera kusiyananso.

Pamene Tim Berners-Lee ankayambitsa masamba a pa intaneti ku CERN, pakati pa 1989 ndi 1991, linki inali ndi ntchito imodzi, yolozera chikalata china. Zinthu zinasintha JavaScript itabwera mu 1995, kenako Flash. Pulogalamu imeneyi inayamba ndi dzina loti FutureSplash Animator, ndipo kampani ya Macromedia itaigula kumapeto kwa 1996 inaitcha Flash. Mu 2000, Flash 5 inabwera ndi chinenero chake cholembera malamulo, ActionScript, pamodzi ndi kanjira kamene opanga makanema oyenda pa intaneti anakakonda kwambiri, kotchedwa asfunction. Pamalo polemba adiresi ya tsamba m'kati mwa linki, munthu ankalemba mawu oti asfunction, kenako dzina la ntchito imene akufuna kuti ichitike, kenako mpatuliro, kenako chinthu chimodzi chimene ntchitoyo igwirepo. Mmalawi akanatha kulemba asfunction:yambitsa,gawo2 ndipo wowerenga akadina mawu ooneka pamwamba pa lamuloli, gawo lachiwiri la kanema linkayamba pomwepo. Kampani ya Adobe inagula Macromedia mu 2005, ndipo mu ActionScript 3.0 ya mu 2006 njirayi inalowedwa m'malo ndi ina, yoyamba ndi mawu oti event. Flash yeniyeniyo inasiya kusamalidwa pa 31 Disembala 2020. Koma chizolowezi chija sichinafe nayo limodzi. Masiku ano ntchito yomweyo ikugwiridwa ndi JavaScript, pa masamba a maphunziro, a zaumoyo, a zaulimi, ndipo ena mwa masambawa akumasuliridwa m'Chichewa.

Chimene chimandikopa mtima pa kalembedwe ka asfunction n'chakuti n'chiganizo chathunthu. Pali mneni, ndiye dzina la ntchito, ndipo pali pamtherankhani, ndiye chinthu chija cha pambuyo pa mpatuliro. Makina amauzidwa momveka bwino: yambitsa gawo lachiwiri. Nanga bwanji munthu, mwini maso ndi nzeru, timangomulembera kuti "Dinani apa"? Makina tawauza zonse, munthu tamubisira.

Lamulo limene ndikulimbikitsa n'losavuta. Linki yopita kwina itchule malo, choncho ikhale dzina: "Mitengo ya feteleza", "Ndandanda ya mayeso". Ili ngati chikwangwani cha kutsogolo kwa minibasi, chimene sichilemba kuti "kwerani apa" koma chimatchula Limbe kapena Ndirande, wokwera n'kusankha yekha. Linki yochititsa kanthu itchule chimene chichitike, choncho ikhale mneni wolamula pamodzi ndi chinthu chimene mneniyo akukhudza: "Yambitsani kanema", "Tembenuzani chithunzi", "Onetsani yankho".

Mawu oti "dinani" alibe mlandu paokha. Ndi Chichewa chabwino, ndipo anthu anawazolowera kale pa mabatani a foni. Vuto ndi loti amangonena za chala, osanena zotsatira zake. Tsamba likakhala ndi "dinani apa" kasanu, wowerenga ayenera kubwerera m'chiganizo chilichonse kuti adziwe kuti "apa" ameneyu ndi uti. Kwa munthu wosaona vutoli limakula. Mapulogalamu owerengera anthu osaona, monga NVDA ndi JAWS, amatha kusonkhanitsa malinki onse a pa tsamba n'kuwatchula motsatizana, popanda ziganizo zowazungulira. Ndiye tangoganizani munthu akumva "apa, apa, apa, apa". N'chifukwa chake malangizo a bungwe la W3C, otchedwa WCAG 2.0, amene anatuluka mu 2008, amafuna kuti cholinga cha linki chizidziwika kuchokera m'mawu ake kapena m'mawu oyandikana nawo. Akatswiri a ntchitoyi amalangizanso kuti chinthu chochititsa kanthu chizikhala batani lenileni, linki n'kusiyidwira ntchito yake yakale yolozera malo. Langizoli n'labwino, koma kaya pakhale batani kaya linki, mawu olembedwapo ndi ntchito yathu.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani, pa misintho ya aneni. Chichewa chimasiyanitsa mosaphonya chimene munthu akuchita yekha ndi chimene akuchititsa chinthu china. Kuima ndi kwina, kuimitsa ndi kwina. Mukalemba "Imani" pansi pa kanema, mwalamula wowerenga kuti aime iyeyo, kapena adzuke pampando. Chimene mukufuna ndi "Imitsani". Chimodzimodzi "Yambani" ndi "Yambitsani". Ngati wophunzira ndiye ayambe kuyankha mafunso, "Yambani mayeso" ali bwino, pakuti wolemba mayesowo ndi iye. Koma ngati ndi zojambula zimene ziyambe kuyenda iye akungoonerera, pafunika msintho wochititsa, "Yambitsani". Kamphatikiri kameneka, -its- kapena -ets-, kamanena ndendende chimene chikuchitika m'kati mwa makina: munthu wadina, lamulo lapita, chinthu china chachita. Zinenero zina zimagwiritsa ntchito liwu limodzi pa zonse ziwiri, ndipo womasulira wothamanga amatola tanthauzo loyamba m'mtanthauziramawu n'kupita. Ife tili ndi chida chimene zinenero zimenezo zilibe, ndipo n'kulakwira chinenero kuchisiya padera.

Pali aneni atatu apachibale amene amasokonezedwa kwambiri: kubwerera, kubwereza ndi kubweza. "Bwererani" akutanthauza kuti mupite kumene munachokera, monga ku gawo lam'mbuyo. "Bwerezani" akutanthauza kuti chinthu chichitikenso, kanema ayambirenso pachiyambi. "Bwezani" akufuna chinthu chobwezedwa, monga "Bwezani chithunzi mmene chinalili" pambuyo poti mwana wachikulitsa kapena kuchitembenuza. M'kati mwa pulogalamu amenewa ndi malamulo atatu osiyana, ndipo wolemba ActionScript kapena JavaScript sangawasokoneze, chifukwa makina angachite zina. Wolemba mawu a pamwamba asamale mofanana. Onjezanipo "Pitirizani" ndi "Pitirirani". Kupitiriza ndi kuyambira pamene munalekezera. Kupitirira ndi kudutsa osaima. Wophunzira amene waimitsa kanema kuti alembe notsi afunika "Pitirizani". Amene akufuna kulumpha mawu oyamba amene anawamva kale afunika "Dumphani gawoli", ndipo ine ndimakonda mawu amenewa kuposa "Pitirirani" chifukwa sasiya chikaiko.

Nanga kuimitsa kwa kanthawi ndi kuimitsa kotheratu? Mu Flash izi zinali zosiyana. Lamulo lina linkangoimitsa kanema pamene wafika, pomwe lina linkamupititsa pa chithunzi chimene wolemba watchula, mwachitsanzo choyambirira, n'kumuimitsa pamenepo. Ndaonapo omasulira akuvutika kupeka mawu atsopano pofuna kusiyanitsa ziwirizi, pamene kaliwu kakang'ono kali nawo pakamwa tsiku lililonse: kaye. "Imitsani kaye" akuuza munthu aliyense, ngakhale agogo amene sanagwirepo kompyuta, kuti zinthu zipitirira. "Imitsiranitu" kapena "Thetsani kanema" akunena kuti basi zatha.

Pali zolakwika ziwiri zochokera kunja zimene ndikufuna zitheretu. Choyamba ndi "Sewerani" kapena "Sewerani kanema". M'Chichewa timasewera mpira, bawo, fulaye. Kanema timaonera, nyimbo timamvera, ndipo ngati tikunena za kuchititsa kuti ziyambe, timayambitsa kapena kuika. "Sewerani" akhale pa masewera okha, pamene wodinayo aseweradi. Chachiwiri ndi "kuthamangitsa pulogalamu". Kuthamangitsa ndi kupirikitsa, monga tichitira ndi mbuzi zolowa m'munda, kapena kuyendetsa galimoto mwaliwiro. Pulogalamu timaitsegula, timaiyambitsa, ndipo ikayamba timati ikugwira ntchito. Palinso "Tsitsani", amene si wolakwika koma sayenera kukhala yekha. Ena amva kuti achepetse mawu a kanema, ena amva kuti akopere kanemayo m'foni mwawo, ndipo kwa munthu amene bandulo yake ndi yowerengeka kusiyana kumeneku ndi ndalama. Lembani "Tsitsani mawu" kapena "Koperani kanema m'foni".

Za ulemu sindichulutsa. Wowerenga tsamba simukumudziwa, atha kukhala mwana wa sitandade 5, atha kukhala mfumu. Mlembereni ndi -ni. Ngakhale mabuku a ku pulayimale amalangiza ana kuti "Werengani", "Lembani", "Yankhani mafunso awa". "Dina", "Tsegula", "Ona" amamveka ngati kukalipa. Malo ake ndi m'kati mwa pulogalamu, pamene mukulamula makina. Kumeneko lembani yambitsa, imitsa, bwereza mmene mungafunire.

Linki yochititsa kanthu nthawi zambiri imakhala pakati pa chiganizo, ndipo apa pamabuka nkhani ya agwirizanitsi. Tikatchula kale chinthu, timakonda kuchiloza ndi kamphatikiri m'kati mwa mneni: chithunzi, "chikulitseni", tsamba, "litsekeni", nyimbo, "imvereni". Onani kuti mneni wolamula akalandira kamphatikiri kotere amathera ndi -eni, osati -ani. "Chikulitsani" si Chichewa, ngakhale ndimamuona. Komabe pa linki ndimalangiza kutchula dzina lenileni, "Kulitsani chithunzi", chifukwa cha anzathu aja amene amamva malinki paokhapaokha. "Muimitseni" ali bwino m'chiganizo chonena za kanema, koma akamveka payekha munthu aganiza kuti pali wina wofunika kumugwira. Ndipo mzere wa linki usadule liwu pakati. Mneni wa Chichewa ndi mtolo umodzi, nthawi, mwininkhani ndi tsinde zili momwemo. Musaike mzere pa tsinde lokha n'kusiya aphatikiri kunja.

Vuto lalikulu la agwirizanitsi lili pa uthenga umene umabwera munthu akadina. Kumbukirani kuti asfunction inkanyamula chinthu chimodzi pambuyo pa mpatuliro. Opanga mapulogalamu, kalelo ndi lero lomwe, amakonda kulemba chiganizo chimodzi chokhala ndi mpata, kenako makina n'kumalowetsa mumpatamo dzina lililonse limene labwera. M'chinenero chimene mneni sasintha potsata gulu la dzina, njirayi imayenda. M'Chichewa imatulutsa zinthu ngati "Chithunzi watseguka" ndi "Tsamba yatseguka". Kanema watseguka, chithunzi chatseguka, tsamba latseguka, nyimbo yatseguka, mafunso atseguka: dzina lililonse limakoka mgwirizanitsi wake. Womasulira amene wapatsidwa chiganizo chokhala ndi mpata ali ndi njira ziwiri. Atha kupempha kuti dzina lililonse likhale ndi chiganizo chakechake, imene ndi njira yabwino koposa. Akakanizidwa, atembenuze chiganizocho kuti mwininkhani akhale wowerenga, dzina losinthasinthalo libwere kumapeto: "Mwatsegula kanema", "Mwatsegula chithunzi", "Mwatsegula tsamba". Pamenepo mpata ulandira dzina la gulu lililonse popanda kuswa lamulo.

Mu uthenga womwewo musiyanitsenso "Kanema waima" ndi "Kanema waimitsidwa". Woyamba angatanthauze kuti netiweki yavuta kapena kanema wafika kumapeto. Wachiwiri akusonyeza kuti pali amene wachititsa. Munthu amene wadina yekha safunika kudabwa ngati foni yake yawonongeka.

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ya chilungamo, ndipo ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse. Linki yopita kwina munthu atha kuiyeza asanadine, pakuti pa kompyuta adiresi yake imaoneka m'munsi akalozetsa kamuvi pa mawuwo. Linki yochititsa kanthu siulula zambiri. Chimene chichitike chabisika m'malamulo amene wowerenga sawaona, ndipo ngakhale atawaona sangawamve. Umboni wokhawo umene ali nawo ndi mawu amene ife talemba. Tikalemba "Onani zambiri" pamene lamulo la kunsi likutumiza nambala yake ya foni kwinakwake, kapena kumulembetsa ku zinthu zomudula mayunitsi, ndiye kuti tamunamiza m'chinenero chake chomwe, chimene amachikhulupirira kuposa Chingerezi. Mneni wa pamwamba akhale yemweyo amene ali kunsi. Ngati lamulo likuti tumiza, palembedwe "Tumizani". Ngati likuti fufuta, palembedwe "Fufutani", osati "Chotsani", pakuti chochotsedwa chimatha kubwezedwa pamalo pake pamene chofufutidwa chapitiratu. Ngati pali malipiro, mawu oti "Lipirani" aoneke pa linki pomwepo pamodzi ndi mtengo wake.

Womasulira asavomere kupatsidwa mndandanda wa mawu okha popanda kuona tsamba likugwira ntchito. Adine yekha linki iliyonse, aone chimene chachitika, kenako afunse kuti Mchewa ataona zimenezi angazitchule bwanji. Pamene pakayikitsa, Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies a ku University of Malawi anatulutsa ungathandize pa tanthauzo la tsinde, koma msintho woyenera, kaya ndi -its-, -ik- kapena -idw-, udziwika pokhapokha womasulirayo ataona ndi maso kuti wachita ndani ndipo chachitidwa n'chiyani.