Ndani ankaphunzitsa mmisiri kugwira sipanala?

Zidziwitso za ntchito za umisiri m'nyuzipepala zathu zimakumana pa mzere umodzi: wofunsira akhale ndi dipuloma kapena digiri, komanso akhale atagwirapo ntchitoyo zaka zitatu kapena zisanu. Mzere umenewu umapweteka aliyense wongomaliza kumene maphunziro, koma umamulasa kwambiri bambo kapena mayi wa zaka 40 amene analowa koleji mochedwa, mwina atayamba wagwira uphunzitsi kapena ukalaliki, n'kutuluka ndi pepala la zamagetsi kapena zamakina manja asanade ndi girizi. Anthu amamuuza kuti msinkhu ndiwo wamutsekera chitseko. Mbiri ya umisiri m'Malawi muno ikuloza kwina. Luso limene olemba ntchito akulifuna lero, kale ankalipereka ndi iwo eni, ndipo chimene chinatha ndi malo amene munthu ankaphunzira ntchito uku akuigwira.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. David Clement Scott, amene ankatsogolera ntchitoyo, sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo amuna amene anaumba njerwa zake, kuziwotcha ndi kuzisanja mpaka kukhala zipilala ndi makoma okhota aja anaphunzira pomwepo, njerwa ili m'manja. Palibe amene anawafunsa zaka zakubadwa kapena kumene anamangako kale. Kumpoto, Robert Laws anatsegula Overtoun Institution pa mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, ndipo pambali pa uphunzitsi panali ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, ntchito za zitsulo ndi matelegalafu. Wophunzira ankalowa pangano la zaka zingapo, ndipo kalasi yake inali mishoni yeniyeniyo: chitseko chimene wapala chinkakaikidwa pa nyumba yogonamo anthu, tsamba limene wasindikiza linkawerengedwa m'sukulu za m'midzi. Magetsi ochokera ku madzi a Manchewe atayaka ku Livingstonia mu 1905, panafunika anthu osamalira makinawo, ndipo malo ophunzirira anali makina omwewo. Munthu wotuluka kumeneko sakanafunsidwa ngati anagwirapo ntchito, pakuti maphunziro akewo anali ntchito.

Wina anena kuti uku n'kukometsa nthawi ya atsamunda, ndipo ali ndi mfundo. Munthu wakuda ankaphunzitsidwa manja kuti asafike pa mpando. Pamwamba pake panali ukapitawo basi. Mapulani ankajambula mzungu, malipiro anali ochepa, n'chifukwa chake amisiri ambiri a ku Nyasaland anakathera ku Rhodesia, ku Katanga ndi ku Joni. Koma chilema chimenecho chinali kumtunda kwa makwerero. Kumunsi, polowera, kunali kotsegula, ndipo boma lodzilamulira linayesa kukonza kumtundako popanda kutseka kumunsi. Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965 n'kulowa mu University of Malawi mu 1967, nthawi yomwe Nkula inali itangoyamba kupereka magetsi mu 1966. ESCOM, Malawi Railways ndi mashopu ake a ku Limbe, PVHO yosamalira magalimoto ndi makina a boma, David Whitehead and Sons, fakitale ya shuga ku Nchalo, onsewa ankatenga ophunzira ntchito. Mnyamata ankakhala miyezi yochepa ku koleji ya umisiri ya Soche, ya Nasawa kapena ya Lilongwe, miyezi yambiri ali mu ovololo pansi pa mmisiri wamkulu. Ndipo panali njira ina imene tsopano timaiiwala: sipanala boyi amene sanapite patali ndi sukulu ankatha kukayesedwa ndi Unduna wa Zantchito, kuchoka pa Grade 3, kupita pa Grade 2 mpaka Grade 1, imvi zili mbuu. Mayeso amenewo ankafunsa zimene manja akudziwa.

Mlatho wolumikiza maphunziro ndi ntchitowu unayamba kugwa pang'onopang'ono. Kuchokera mu 1981 dziko linalowa m'mapangano ndi World Bank ndi IMF ochepetsa ndalama zimene boma limawononga, lamulo logulitsa makampani a boma linabwera mu 1996, njanji inaperekedwa kwa kampani ya CEAR mu 1999, ndipo David Whitehead inagulitsidwa mu 2003. Kampani yowerengera phindu mwezi ndi mwezi siona chifukwa chodyetsera munthu zaka zinayi kuti mawa akalembedwe ndi mnzake wopikisana naye. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti itseke mpata umenewu, ndipo olemba ntchito amalipira msonkho wa maphunziro a umisiri molingana ndi malipiro a antchito awo. Zotsatira zake zili pawiri: ndalama zophunzitsira zilipo, koma bwana amene wadula msonkho amaona ngati udindo wake wathera pomwepo. Uku masukulu akuchuluka. MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, makoleji a umisiri a m'madera anayamba mu 2015, Polytechnic inasanduka MUBAS mu 2021. Mapepala akutuluka ambiri, pamene malo oti mwini pepala akadetse manja atsala a miyezi ingapo ya atachimenti, imene ena amaithera akusunga mafayilo mu ofesi.

Olemba ntchito ali ndi dandaulo lawo, ndipo si lopanda pake. Amati munthu wamkulu safuna kutumidwa ndi kapitawo wa msinkhu wa mwana wake, amafuna malipiro odyetsa banja pomwe ntchito sanaidziwe, ndipo mwambo wathu wolemekeza akulu umachititsa manyazi kumudzudzula akalakwitsa kulumikiza mawaya. Zimenezi zimachitikadi, koma ndi nkhani ya khalidwe la munthu, ndipo intavyu ilipo kuti iunike zomwezo. Masamu okha sagwirizana ndi mantha awo: m'boma anthu amapuma pa zaka 60, choncho wa zaka 40 ali ndi zaka 20 zogwira ntchito, ndipo munthu wa ana asukulu sathawira ku Joni msanga ngati mnyamata wosakwatira. Chimene chimamutsekereza kwenikweni ndi malamulo a mapologalamu, pakuti ndondomeko ya boma imati unyamata umathera pa zaka 35, ndipo thandizo lambiri lolowera pa ntchito limalembedwa m'dzina la achinyamata.

Ngati mbiriyi ikunena zoona, munthu wotere asataye nthawi yake yonse pa makampani akuluakulu amene anasiya kuphunzitsa. Ntchito ndi maphunziro zikadali pamodzi kwa makontirakitala ang'onoang'ono, kwa oika sola ndi mapampu a madzi, okonza zigayo, majenereta ndi zipangizo za m'zipatala. Ena ati kumeneko n'kutaya digiri. Koma mmisiri wa ku Ndirande amene amawotcherera geti losalala bwino kawirikawiri amavutika kuwerenga pulani, kuwerengetsa kukula kwa waya woyenera mota ya chigayo, kapena kulemba mtengo wa ntchito mwadongosolo kuti apate tenda, ndipo izi ndi zimene wa pepala uja ali nazo, pamodzi ndi luso losunga mabuku kapena loyang'anira anthu limene anabwera nalo kuchokera ku ntchito yake yakale. Akagwira zaka ziwiri kapena zitatu pamalo otere, ntchito iliyonse akuilemba ndi kuisainitsa kwa mwini wake, amakhala ndi umboni wopita nawo ku MERA kukapempha chilolezo choika magetsi, kapena kukalembetsa ukontirakitala wakewake.