Mabuku a Ulemu ndi Khalidwe

Mabuku a ulemu ndi zolemba zophunzitsa munthu mmene angadyere, angayankhulire ndi kukhalira pakati pa anzake. Limodzi mwa akale kwambiri ndi malangizo a Ptahhotep, nduna yaikulu ya mfumu Djedkare Isesi ya ku Egypt, yemwe adakhala ndi moyo zaka zoposa 4,000 zapitazo. Malangizowa amauza mnyamata woitanidwa kukadya kwa wamkulu kuti alandire chomwe wapatsidwa, ayang'ane chakudya chili patsogolo pake, ndipo ayankhule pokhapokha atafunsidwa.

Ku Ulaya mabukuwa adachuluka m'zaka za m'ma 1500. Mu 1528 Baldassare Castiglione adatulutsa Il Cortegiano, lofotokoza khalidwe la anthu a kunyumba ya mfumu. Mu 1530 Erasmus wa ku Rotterdam adalembera ana kabuku ka m'Chilatini kotchedwa De civilitate morum puerilium. M'menemo amaletsa mwana kupukuta mamina ndi mkono wa malaya, kuyamba kupisa dzanja m'mbale, ndiponso kuviikanso mumsuzi buledi amene waluma kale. Amalangizanso kukhululukira mnzako akaphonya mwambo, pakuti pamenepo ndi pomwe pagona ulemu weniweni. Kabukuka kadamasuliridwa m'Chingerezi mu 1532 ndipo kankawerengedwa m'sukulu zambiri. Buku lina la ulemu, Galateo la Giovanni della Casa, lidatuluka mu 1558.

Ku America, buku la Emily Post lotchedwa Etiquette lidatuluka mu 1922 ndipo a m'banja lake akhala akulikonzanso mpaka lero. Ku Malawi, John W. Gwengwe adasunga miyambo ya makolo m'buku la Kukula ndi Mwambo.