Kalusha Bwalya, Mwana wa ku Migodi Amene Adadzutsa Timu ya Zambia

Kalusha Bwalya adabadwa mu 1963 ku Mufulira, tauni ya migodi ya kopa ku Zambia. Adayambira ku Mufulira Blackpool, kenaka adalowa Mufulira Wanderers, komwe mwendo wake wamanzere udayamba kusowetsa mtendere magoloboyi. Mu 1985 timu ya Cercle Brugge ya ku Belgium idamutenga.

Mbiri yake idawanda mu 1988 pa masewera a Olimpiki ku South Korea, pamene Zambia idathambitsa Italy 4-0, zigoli zitatu adamwetsa yekha. Chaka chomwecho magazini ya France Football idamusankha kukhala katswiri woposa onse mu Africa. PSV Eindhoven ya ku Netherlands idamugula mu 1989, ndipo ali limodzi ndi Romário, pansi pa mphunzitsi Bobby Robson, adatenga ligi mu 1991 ndi 1992.

Kusewera kunjaku ndi kumene kudamupulumutsa. Usiku wa pa 27 April 1993, ndege yankhondo yomwe idanyamula timu ya Zambia kupita ku Dakar kukakumana ndi Senegal idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 adathera pomwepo, 18 mwa iwo osewera. Kalusha sadali m'ndegemo chifukwa adagwirizana zoti akawapeza anzake ku Dakar kuchokera ku Netherlands.

Maliro atatha, Zambia idasonkhanitsa anyamata atsopano, Kalusha n'kukhala kaputeni wawo. Mu July chaka chomwecho adakumana ndi Morocco ku Lusaka. Alendowo ndiwo adayamba kugoletsa, koma iye adabweza ndi firikiki, Zambia n'kupambana 2-1. Mwayi wopita ku World Cup udawapulumuka ku Casablanca atagonja 1-0 kwa Morocco yomweyo, chonsecho kufanana mphamvu kukadawakwanira. Komabe timu yongotoleredwayi idafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Tunisia mu 1994, komwe Nigeria idapambana 2-1. Mu 1996 ku South Africa idathera pachitatu, Kalusha atamwetsa zigoli 5, kuposa wina aliyense.

Apo n'kuti atasamukira ku Mexico, komwe ochemerera Club América adamukonda kwambiri kuyambira 1994. Atabwerera kwawo adakhala mphunzitsi wa Chipolopolo, timu ya dziko la Zambia, ndipo mu 2004, ali ndi zaka 41, adadzilowetsa yekha m'bwalo n'kugoletsa firikiki yogonjetsera Liberia.

Chikho chomwe chidamukana ali wosewera adachigwira ali pulezidenti wa bungwe la mpira la FAZ, udindo womwe adatenga mu 2008. Mu February 2012, anyamata a mphunzitsi Hervé Renard adakaika maluwa pagombe la Libreville, ndipo patangopita masiku ochepa adagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate mumzinda womwewo, Zambia n'kutenga chikho cha Africa koyamba.