Miyala Ilipo, Oifotokoza Ali Kuti?

Amene Mulungu anakupatsani adzukulu, pitani nawo ku Mvera, m'boma la Dowa. Kumeneko mu 1889 Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok analandira malo m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo mbewu ya Sinodi ya Nkhoma inafesedwa. Pa phiri la Kaso, Abusa William Murray ndi anzawo anakhetsa thukuta pomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922. Likulu linasamukira ku Nkhoma, koma muzu unatsala ku Mvera.

Mdzukulu wanga ataona njerwa zakalezo anandifunsa amene anaziumba. Funso lotere ndilo Yoswa analiyembekeza poimika miyala 12 ku Giligala, kuti ana akadzafunsa, makolo adzayankhe. Miyala ilipo, abale. Koma ife akuluakulu tikatsikira kumanda mbiriyi ili m'kamwa, adzawayankha ndani?